Tsiku Limene Ababa Anadula Mawaya

Loweruka, 21 Juni

Mwera unayamba kusanache, malata a nyumba yathu akuchita kulira, ndipo nditasuzumira kuchipinda kwa makolo ndinapeza Amayi atakhala kale pabedi, atavaliratu, akungoyang'ana khoma. Ababa anali asanabwere kuchokera kunyanja. Ndinasesa pabwalo, kenaka ndinazindikira kuti ndikusesanso pomwe ndasesa kale. Ababa afika dzuwa litakwera, jekete litanyoweratu, akuseka kuti mphepo inawapatsa ulendo waulere mpaka ku Chiwanda. Amayi sanaseke. Ine ndapita kuseri kwa nyumba, komwe galimoto yathu ili pansi pa mtengo wa mango itafundidwa lona, ndipo ndakhala pamwala nthawi yaitali. Ndaganiza zolemba zimene zinachitikira galimoto imeneyi. Inagulidwa kuti Ababa asamakhalenso panyanja mphepo ikamawomba chonchi, ndipo m'nyumba muno palibe amene amaitchula.

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Makolo anga anachokera ku Nkhotakota ine ndisanabadwe, n'kudzakhazikika kuno ku Mbamba Bay. Ababa anali ndi boti lawolawo la matabwa, la injini, ndipo ankapha usipa, umene anzathu kuno amati dagaa. Chaka chimenecho mwera unagubuduza botilo. Ababa anapulumuka atagwirira chigubu, koma mng'ono wawo, abambo anga aang'ono, a Limbani, anakapezeka patapita masiku kugombe la ku Mbaha. Maliro atatha, Amayi anayankhula ine ndikumva.

"Bambo a Tadala, ine sindidzadikiranso munthu pagombe. Sankhani."

Tadala ndi ineyo. Mwezi usanathe Ababa anagulitsa boti, injini, ukonde ndi nyali zonse, n'kugula galimoto yoyera ya zitseko zokoka, imene inagwirapo kale ntchito ku Japani. Anayamba kunyamula anthu kuchoka kuno kukwera mapiri mpaka ku Mbinga. Madzulo aliwonse ankabwera kunyumba, akununkha fumbi m'malo mwa nsomba, ndipo ine ndinayamba kugona tulo tabwino.

Galimotoyo inali ndi vuto limodzi loseketsa. Ukangotembenuza kiyi, m'wailesi mwake munkatuluka mawu a mzimayi akuyankhula Chijapani, mwaulemu kwambiri. Okwera ankafa ndi phwete.

"Baba Tadala, mkazi wanu wachiwiriyu akuti chiyani lero?"

"Akuti amene wadya anyezi atsike," Ababa ankayankha choncho.

Koma kupatula mzimayiyo, wailesiyo sinkagwira kanthu. Manambala ake ankathera panjira, asanafike pomwe pali mawailesi athu ambiri, ndiye ukaitsegula inkangochita phokoso ngati nsomba mu chiwaya. Pasiteji anthu anayamba kusankha galimoto zina zomwe munali nyimbo, makamaka masiku a mpira. Ababa ankatha kudikira mpaka masana galimoto isanadzaze. Choncho wailesi yatsopano sanaifune chifukwa cha matama ayi.

Inali nthawi ya holide, ndipo ndinkaloledwa kukhala kutsogolo pa maulendo ena. Tsiku lina titatsitsa anthu ku Mbinga, tinalowa m'duka laling'ono la zinthu za galimoto. Munkanunkha mphira watsopano. Wogulitsa anali mayi wonenepa, wa magalasi omangirira chingwe m'khosi. Ababa anasankha wailesi yakuda yolowetsa fulashi, ya timagetsi tabuluu. M'katoni mwake munalinso kamtolo ka mawaya a mitundu yambiri, ofiira, achikasu, obiriwira, otuwa, onse osamalizidwa kumapeto.

Mayiyo anatiloza kukhoma, komwe kunapachikidwa timapepala ta pulasitiki tambirimbiri. M'kapepala kalikonse munali mawaya aafupi okhala ndi pulagi kumapeto kwake. Anati zimenezo amazitcha konekita. Anafotokoza m'Chiswahili, pang'onopang'ono, kuti kuseri kwa wailesi yakale kuli mapulagi amene anabwera ndi galimoto, ndipo sangalowe m'wailesi yatsopano. Konekita imalowa m'mapulagi amenewo mbali imodzi, ndipo mbali inayo mawaya ake amafanana mitundu ndi a wailesi yatsopano. Ukalumikiza pamenepo, galimoto sunaigwire ndi mpeni.

"Ndipatseni imodzi," anatero Ababa.

"Iti? Zonsezi n'zosiyana, baba. Ina ya mabowo ambiri, ina ya ochepa, ina mapulagi awiri, ina imodzi. Ngakhale galimoto za kampani imodzi zimasiyana malinga ndi chaka. Katulutseni wailesi yakaleyo mubwere nayo, kapena mujambule mapulagiwo pafoni. Tikayerekeza ndiye mugule."

Galimoto inali pasiteji, kale pamzere, ndipo kutulutsa wailesi kunkafuna kumasula pulasitiki yonse ya kutsogolo. Ababa anayang'ana dzuwa pakhomo. Anati kubweranso ndi kutaya tsiku lina.

"Waya ndi waya, mama. Ndikalumikiza ndekha."

Mayiyo anavula magalasi. "Usikate, baba," anatero, kutanthauza kuti asadule. Kenaka anayang'ana ine ngati kuti ineyo ndingawaletse. Ine ndinakwiya naye mumtima. Ndinkaona kuti sakuwadziwa Ababa.

Ndiyenera kulemba bwino apa, chifukwa aliyense wowerenga angaganize kuti Ababa anali munthu wosadziwa magetsi. Sizinali choncho. Asodzi atasiya nyali za parafini n'kuyamba za batire, gombe lonse linkabwera kwathu. Ababa ndi amene ankalumikiza nyali zokopera usipa. Lamulo lawo linali lachidule: wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda, kupota mwamphamvu, kenaka kumanga ndi malegeni, timizere ta mphira todulidwa ku chubu chakale cha njinga. Ankakoka legeni mpaka kuyera, n'kukulunga mothinana. Madzi sankalowa. Nyali yomangidwa ndi Ababa inkatha nyengo yonse ikumenyedwa ndi mafunde osazima. Ndinakula ndikumva amuna akuluakulu akuwatcha fundi, kutanthauza mmisiri.

Lamulungu titabwera kutchalitchi, anaimika galimoto pamthunzi n'kuyamba ntchito. A Komba, oyandikana nawo nyumba amene ankapha nawo usipa kale, anabwera ndi kampando kudzaonerera. Wailesi yakale itatuluka, kuseri kwake kunalendewera mapulagi awiri oyera, aukhondo ngati sanagwiridwepo. Ababa anayesa kulowetsa limodzi m'wailesi yatsopano, likukana. Anatenga mpeni wawo wotumbulira nsomba n'kudula onse awiri. Ndikukumbukira kamvekedwe kake, ngati kudula mapesi a bonongwe.

Pamenepo ndi pomwe ndinaona nkhope yawo ikusintha pang'ono. Mawaya anali ambiri, oonda, ena a mitundu iwiri, wabuluu wa mzere wachikasu, wobiriwira wa mzere woyera. Anayamba ndi lamulo lawo. Ine ndinkatchula mitundu chifukwa mkatimo munali kamdima, iwo n'kumapota. Wofiira kwa wofiira. Wakuda kwa wakuda. Atatembenuza kiyi, wailesi inangoti zii.

"Ajapaniwa ngakhale mitundu amaiwerenga chobwerera," anatero a Komba.

Ababa anamasula zonse. Anatenga kagetsi kakang'ono ka mawaya awiri, wina anaugunditsa pachitsulo cha galimoto, winayo n'kumagunditsa pa waya uliwonse mpaka kagetsiko kanayaka. Anapeza wa moto. Anapeza wina woyaka pokhapokha kiyi atatembenuzidwa. A masipika anawapeza poyesa mmodzimmodzi, ine nditaika khutu pachitseko kumvera kuthetheka. Ndinkanyada kwambiri. Ndinkafuna mayi wa m'duka uja akanakhalapo kuti aone.

Panatsala mawaya angapo opanda mnzake.

"Nanga awa, Ababa?"

"Awa anali a mayi wa ku Japani uja. Wapita kwawo, alibenso ntchito."

Anawasonkhanitsa pamodzi, n'kuwapinda kumapeto, n'kuwakulunga onse mu legeni limodzi kuti asamalendewere, monga ankachitira ndi zingwe zotsala m'boti. Anawakankhira mkati. Atatembenuza kiyi, timagetsi tabuluu tinayaka ndipo kwaya inaphulika m'masipika onse. Ana a m'mudzi anathamangira kwathu. A Komba anavina ali ndi kampando m'manja. Amayi anatuluka m'khitchini akupukuta manja, ndipo anamwetulira, koyamba kuchokera pa maliro aja.

Kwa masiku angapo zinthu zinayenda. Galimoto inkadzaza msanga. Kenaka tsiku lina Ababa anabwera akudandaula kuti atadumpha tuta, chitunda chija amaika pamsewu kuti galimoto zichepetse liwiro, wailesi inazima, pamodzi ndi getsi la kudenga. Anatsegula kabokosi kena pansi pa chiwongolero n'kutulutsa kanthu kakang'ono ka pulasitiki ka miyendo iwiri. Anati ndi fyuzi. Kawaya ka mkati mwake kanali katapsa. Anaika ina yosungira imene inali m'bokosimo. Mawa lake inapsanso.

Madzulo amenewo ndinawapeza akusenda waya wakale wa nyali, akutulutsa timitsitsi ta kopa. Anatipota, n'kutikulunga pa miyendo ya fyuzi yakupsayo.

"Bwanji ikungopsa?" ndinafunsa.

"Ndi yofooka. Anapangira misewu ya kwawo yosalala."

"Panyanja tinali ndi fyuzi ife?" anatero a Komba ali kumpanda. "Nyali izime pakati pa nyanja chifukwa cha kanthu ngati chikhadabo? Usipa ungakudikire?"

Onse anaseka, inenso ndinaseka nawo. Zinkamveka zanzeru. Panyanja chinthu chozimitsa nyali ndi mdani, ndipo munthu wodziwa ntchito ndi amene amayatsanso msanga ndi chilichonse chimene ali nacho m'thumba.

Tsiku limene zinachitika kunali dzuwa lowala bwino, cha m'mawa. Ndinali kutsogolo. Kumbuyo kunadzaza, ndipo amene ndimawakumbukira ndi mayi wina wa khanda kumsana ndi bambo wina wa suti amene ankapita ku maofesi a boma. Tinali titakwera kale mapiri, nyanja ikuoneka kutali pansi. Titadutsa matuta a pamudzi wina, nyimbo inadukiza, n'kuyambanso, n'kudukanso. Ndinamva fungo. Ndinaganiza kuti wina akuotcha zinyalala m'mbali mwa msewu, ndipo ndinatseka windo langa. Fungolo linakula.

"Dereva, chikupsa n'chiyani?" anafunsa bambo wa suti.

Ababa asanayankhe, utsi unatuluka m'timabowo tolowetsa mphepo, woyera kaye, kenaka wakuda, wowawa m'maso. Unatulukanso m'mbali mwa wailesi. Ndinaona pulasitiki ikufufuma ngati phala likuwira, pafupi ndi mawondo anga.

"Yesu wangu!" anakuwa mayi wa khanda.

Ababa anakhotetsera pambali n'kuzimitsa injini. Anazula kiyi. Ine ndinkadziwa kuti kiyi akachoka zonse zimazima, ndiye ndinadikira kuti utsi usiye. Sunasiye. Unachita kuwonjezeka, galimoto ili chete, kiyi ali m'manja mwawo. Chimenecho chinandiopsa kuposa utsi weniweniwo.

"Tsikani! Tadala, tsika!"

Anthu anapanikizana pachitseko chokoka. Bambo wa suti anagwa chagada m'ngalande, mayi uja anatuluka atakumbatira khanda lake kutsogolo. Ine ndinatsala pampando wanga. Ababa anazungulira, anatsegula chitseko changa, anandinyamula ngati kamwana n'kundiponya pa udzu. Kenaka anabwereranso m'galimoto.

Ndinawaona akugwira wailesi ndi manja awiri n'kuikoka mpaka inazuka. Kuseri kwake kunali lawi laling'ono labuluu, ndipo waya wina unali wofiira ngati khala, pulasitiki yake ikudontha. Anaugwira ndi manja. Sindikudziwa kuti ankaganiza chiyani. Anaukoka, usakuduka, pulasitiki yosungunuka ikuwamatirira m'zala. Sanakuwe n'komwe.

"Batire! Chotsani batire!" anakuwa mnyamata wa bodaboda, njinga yamoto yonyamula anthu, amene anaima kudzaona.

Ababa anatsegula boneti. Sipanala yoyenera panalibe. Ababa anatola mwala n'kumenya mutu wa batire mpaka chingwe chinagwa. Anthu a pamudzipo anabwera ndi ndowa za dothi n'kuthira mkati, pa mipando, paliponse. Utsi unachepa pang'onopang'ono mpaka unatha.

Kenaka kunakhala bata lodabwitsa. Khanda linkalira, mbuzi ina inkadya m'mbali mwa msewu ngati palibe chachitika. Ababa anakhala pansi, atatsamira tayala, manja ataatambasula pa mawondo, zikhatho zitayang'ana kumwamba. Khungu linali loyera, lotukusira, pena pamatirira zakuda. Ndinapita kukagwada pambali pawo. Sanandiyang'ane. Ndinali ndisanaonepo Ababa osadziwa chochita, ngakhale tsiku limene anabwera opanda mng'ono wawo anali iwowo amene ankauza anthu zochita.

"Wapsa penapake?" anandifunsa patapita nthawi.

"Ayi."

"Chabwino."

Tinadikira pomwepo mpaka masana, pomwe fundi wa magetsi a galimoto anafika kuchokera ku Mbinga. Anali munthu wofatsa. Anagona chagada pansi pa chiwongolero nthawi yaitali, akutulutsa dothi ndi zidutswa zakupsa. Anatuluka ali ndi fyuzi ija m'manja, timitsitsi ta kopa tikadali pomwepo.

"Anaika waya apa ndani?"

"Ndine," anatero Ababa.

Fundiyo anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, koma anaona manja aja n'kungowapepesa kuti, "Pole, mzee." Kenaka anatisonyeza kamtolo ka mawaya otsala aja. Anati mwa iwo munali wina wokhala ndi moto nthawi zonse, ngakhale kiyi palibe, ndi wina wopita kuchitsulo cha galimoto. Kuseri kwa wailesi kumatentha, legeni linafewa n'kutsetsereka, ndipo pa tuta lililonse mawaya awiriwo ankagundana. Fyuzi inkapsa kuti moto usapitirire. Itatsekedwa ndi kopa, motowo unayenda ndi waya mpaka mkati mwa mtolo waukulu umene umapita ku magetsi, ku injini, kulikonse, n'kusungunula onse kukhala chinthu chimodzi. Anati kulumikiza mmodzimmodzi sikungatheke. Pakufunika mtolo wonse, wochokera m'galimoto ina yofanana ndendende ndi yathuyi.

Lole ya mchenga inatikokera kunyumba. Amayi atationa sanafunse za galimoto. Anagwira Ababa pamkono n'kupita nawo ku zahanati, kachipatala kathu kakang'ono, ndipo kwa masabata ankawadyetsa ndi sipuni ngati mwana. Mtolo uja Ababa anaufunafuna ku Mbinga, osaupeza. Zogulitsa panalibenso, zonse zinapita pogula galimotoyo. Mvula itayandikira, Ababa anaifunda lona.

Tsiku limene sindimaliiwala ndi lina, manja atapola. Anali masana. Ababa analowa m'nyumba, anatsitsa jekete lawo lakale la kunyanja pamsomali, n'kulikutumula fumbi. Amayi anali akusankha nyemba pakhonde.

"Mayi a Tadala, a Komba akuti m'boti la abwana awo muli malo."

Amayi sanadzutse mutu. Anapitiriza kusankha nyemba, koma ndinaona kuti akuponya zabwino ndi zoola mbali imodzi. Ababa anaima pang'ono, kenaka anapita. Kuyambira tsiku limenelo akugwira ntchito m'boti la eni, mpaka lero.

Tsopano ndili fomu ya chitatu. Teremu yathayi mwalimu wa fizikia, mphunzitsi wathu wa sayansi, anabwera ndi fyuzi m'kalasi, anaikweza m'mwamba, n'kunena kuti kanthu aka kanapangidwa dala kofooka, kuti kazipsa koyamba zinthu zina zisanapse. Anati fyuzi ikapsa kawiri, usafunse kuti uikemo chiyani, funsa kuti chikuipsereza n'chiyani. Anzanga ankalemba. Ine ndinapempha kutuluka, ndipo ndinakaima kuseri kwa labu mpaka belu linalira.

Kwa zaka ndinkaganiza kuti linali tsoka chabe, ngati mwera. Kenaka kwa kanthawi ndinawakwiyira Ababa mumtima, ndikuti anachita mphwayi. Tsopano ndikuona kuti sizinali mphwayi, ndipo n'chimene chimandizunguza mutu kwambiri. Anapota waya aliyense mosamala. Anamanga legeni mothina monga mwa nthawi zonse. Anachita zonse zimene zinkasunga nyali zawo zoyaka pakati pa mafunde, ndipo zomwezo ndi zimene zinaotcha galimoto. Boti lili ndi mawaya awiri ndipo limakhala pamadzi ozizira. Luso lawo linali loona, kungoti linali la malo ena, ndipo palibe aliyense wa ife pabwalo paja amene anaganiza kuti luso lingakhale ndi malire. Konekita ija ndimaimvetsa tsopano. Amene anapanga galimoto ndi amene anapanga wailesi sanakumanepo, aliyense anasankha mitundu yake. M'pulagi waya aliyense amakhala m'kabowo kake, ndipo wopanda ntchito amangokhala momwemo osagunda mnzake. Mayi wa m'duka uja sankanyoza Ababa. Ankangowapempha kuti aione kaye galimoto yawoyo asanasankhe.

Kusukulu ndili ndi mnzanga Neema, wa ku Songea. Amalume ake amaphwasula galimoto zochita ngozi n'kumagulitsa zida zake. Nditamufotokozera, anawafunsa, ndipo anati galimoto za mtundu wathu tsopano zachuluka, mtolo wotere umapezeka nthawi zina. Sanalonjeze kanthu. Akufuna kuona kaye pomwe moto unafika, ndiponso kachitsulo ka manambala kamene kali mkati mwa boneti. Mwina injini nayonso inafa ndi kukhala. Mwina makoswe anamaliza zimene moto unasiya. Sindikudziwa, ndipo sindingadziwe ndili kunja kwa lona.

Boneti imatsegulidwa munthu ali mkati mwa galimoto, ndipo zitseko n'zokhoma. Chiyambire tsiku limene anaifunda, palibe amene analowamo, ndipo palibe anayerekeza kuwafunsa Ababa. Ndakhala ndikuopa kuti ndikawafunsa ndiwakumbutsa manja awo. Koma manjawo amawaona tsiku lililonse akamakoka ukonde, sakudikira ine kuti ndiwakumbutse.

Mawa tikabwera kutchalitchi, akadya n'kupumula, ndikakhala nawo pakhonde Amayi ali pomwepo. Ndiwauza za amalume a Neema monga momwe zilili, osawonjezera. Kenaka ndiwapempha kiyi.